Lacrosse ipeze kwawo, isiye kugona m'nyumba za eni

Akuluakulu adati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Oyendetsa masewero a m'sukulu zaukachenjede m'dziko la America adaumvetsa bwino mwambiwu pomwe adakakamizika kusamutsa ndime zotsiriza za mpikisano wawo wa lacrosse wa chaka cha 2026 pabwalo lomwe adali atalisankha kalekale.

Nkhani yake idayenda motere. M'chaka cha 2020 bungwe la NCAA, lomwe limayang'anira masewero a m'makoleji m'dzikolo, lidalengeza kuti bwalo la Gillette Stadium, m'tauni ya Foxborough kufupi ndi mzinda wa Boston, ndilo lidzalandire mpikisanowu mu 2025 komanso mu 2026, anyamata ndi atsikana pamodzi. Koma mu 2022 kudatulukira mlendo wonenepa kuposa iwo. Bungwe la Fifa lidasankha bwalo lomweli kukhala limodzi mwa mabwalo a World Cup ya 2026, ndipo Fifa simalola kuti mpira wake useweredwe pa kapinga wapulasitiki yemwe eni bwalolo adayala. Padafunika kuika kapinga weniweni nthawi ilipo, ndipo masiku okonzekerawo adagundana ndi masiku a lacrosse. Palibe adafunsa kawiri kuti apatuke ndani.

Anyamata adawapezera malo pabwalo la Scott Stadium la University of Virginia, m'tauni ya Charlottesville, pomwe atsikana adawatumiza ku Northwestern University, m'tauni ya Evanston kufupi ndi Chicago. Mipikisano iwiri yomwe adali atangoilumikiza kumene idapatukananso, wina kummawa, wina pakati pa dziko. Ena atha kunena kuti iyi idali ngozi chabe chifukwa World Cup sibwera chaka chilichonse. Koma zoona zake n'zakuti ngoziyi idangovundukula vuto lomwe lakhalapo zaka zoposa 20. Mpikisanowu ulibe kwawo. Umayendayenda m'mabwalo akuluakulu omwe adamangidwira masewero ena, ndipo nthawi yakwana yoti NCAA iupezere mzinda umodzi wokhazikika.

Awerengi ambiri sadaonepo masewerowa, choncho mpofunika kufotokozako pang'ono. Wosewera aliyense amanyamula ndodo yokhala ndi kaukonde kunsonga, ndipo ndi kaukondeko amawakha, kunyamula ndi kuponya kampira kolimba ka labala, kakang'ono kuposa lalanje. Cholinga n'kuponyera kampirako m'golo laling'ono lomwe kutalika ndi kutambalala kwake sikufika mamita awiri. Timu ya anyamata imakhala ndi osewera 10, ya atsikana 12, ndipo zigoli zimachuluka moti 13-10 ndi zotsatira zachizolowezi. Masewerowa sadabwere ndi azungu. Eni ake ndi mitundu ya anthu omwe azunguwo adawapeza ku North America, makamaka a Haudenosaunee omwe mpaka lero amakhala kumpoto kwa chigawo cha New York ndi ku Canada, ndipo iwo amawatenga ngati mphatso yochokera kwa Namalenga. Malamulo olembedwa adadza mu 1867 ndi dokotala wa mano wa ku Montreal, William George Beers.

Mpikisano wa NCAA wa anyamata udayamba mu 1971 pomwe Cornell idagonjetsa Maryland 12-6 pabwalo la Hofstra University ku Long Island. Masiku ano ndime yoyamba imaseweredwa pakhomo pa matimu omwe achita bwino m'chakacho, makotafainolo amachitikira m'mabwalo awiri osankhidwiratu, kenaka matimu anayi otsala amakumana pamalo amodzi kumapeto kwa mwezi wa Meyi, pa tchuthi cha Memorial Day, pomwe Amereka amakumbukira asilikali awo omwe adafera kunkhondo. Loweruka kumakhala masemifainolo, Lamulungu mafainolo a makoleji ang'onoang'ono a Division II ndi Division III, ndipo Lolemba fainolo yaikulu. Masiku atatuwa ali ngati msonkhano wa mtundu wonse wa lacrosse. Aphunzitsi amabwera ndi ana pa mabasi, mabanja amaotcha nyama m'malo oimika galimoto, ogulitsa ndodo ndi zipewa amayala malonda awo, ndipo anthu omwe adaseweera limodzi zaka 30 zapitazo amaonana kumeneko.

Malo ake sasankhidwa mwachisawawa. NCAA, yomwe likulu lake lili ku Indianapolis, imaitanitsa mizinda kuti ipikisane kudakali zaka zingapo. Mzinda wofuna mwayi umagwirizana ndi eni bwalo komanso sukulu imodzi yoti ikhale ngati mwinimudzi, monga momwe Drexel University yakhala ikuchitira ku Philadelphia, kenaka amapereka chikalata chofotokoza kukula kwa bwalo, malo ogona alendo, mayendedwe ndi ndalama zomwe akuyembekezera kutolera. Komiti ya lacrosse imaunika zikalatazo n'kusankha. Papepala ndondomekoyi ilibe chilema. Vuto lake n'lakuti imapereka chaka chimodzi kapena ziwiri kwa mzinda uliwonse, ndipo palibe mwini bwalo angasinthe chilichonse chachikulu chifukwa cha mlendo wa masiku atatu.

Kuchoka mu 1971 mpaka 2002 fainolo inkachitikira m'mabwalo a sukulu zomwezo, monga ku Maryland, Rutgers, Syracuse, Delaware ndi kwina. Anthu ankachulukirachulukira chaka ndi chaka. Mu 1995 anthu oposa 26,000 adaonerera Syracuse ikugonjetsa Maryland pabwalo la Maryland ku College Park. Apa akuluakulu adaona kuti mwana wakula, malaya amuthina, ndipo mu 2003 adasamukira m'mabwalo a ligi ya NFL, ya mpira wa ku America uja osewera ake amavala zipewa zolimba ndi kuthamanga mpira uli m'manja. Woyamba udali mzinda wa Baltimore.

Kunena zoona, poyamba maganizowa adaoneka anzeru zedi. Mu 2004 anthu oposa 43,000 adaonerera Syracuse ikuposa Navy 14-13 ku Baltimore. Ku Philadelphia mu 2006 chiwerengero chidadutsa 47,000. Mu 2007 masemifainolo a ku Baltimore adakoka anthu 52,004, ndipo chaka chotsatira, pa Gillette Stadium pomwepa, anthu 48,970 adaonerera fainolo ya Syracuse ndi Johns Hopkins. Chinamtindi chimenechi sichingakwane m'bwalo la Bingu ku Lilongwe, lomwe limalowa anthu pafupifupi 40,000. Pa nthawiyo ambiri ankaona ngati posachedwa mabwalo a NFL nawonso achepa.

Sizidatero. Kuyambira mu 2009 chiwerengero cha oonerera fainolo chidayamba kutsika chaka chilichonse osapumira. Mu 2010 adalipo oposa pang'ono 37,000, mu 2012 adatsala pafupifupi 31,000, ndipo pofika 2015 ku Philadelphia adangokwana 24,215, kuchepera pa anthu aja adasonkhana pabwalo la sukulu zaka 20 m'mbuyomo. Kuchokera apo zinthu zakhala zikubwererako pang'onopang'ono. Mafainolo a 2023 ndi 2024 ku Philadelphia adakoka anthu oposa 30,000 iliyonse, ndipo ya 2025 ku Foxborough, pomwe Cornell idagonjetsa Maryland 13-10, idadutsa 32,000. Koma mabwalo onsewa amalowa anthu pafupifupi 65,000 kapena kuposerapo. Ndiye kuti ngakhale m'chaka chabwino theka la mipando limakhala lopanda munthu, ndipo anyamata omwe avutikira tsikuli moyo wawo wonse amakweza maso n'kuona mipando yokhayokha m'nsanja zam'mwamba. Anthu 30,000 pabwalo lowayenera amagwedeza nthaka. Anthu omwewo m'chimbwalo cha 70,000 amaoneka ngati nandolo wochepa m'lichero.

Zifukwa zomwe okonda masewerowa amapereka n'zambiri. Mavuto a zachuma omwe adagwa mu 2008 adakhudza matumba a mabanja. Mitengo ya matikiti ndi yoimikira galimoto m'mabwalo a NFL njokwera. Wailesi yakanema ya ESPN imaonetsa masewerowa momveka bwino moti munthu atha kungokhala pampando kunyumba. Mipikisano ya ana nayo idachuluka ndipo imalanda makolo nthawi ndi ndalama. Palinso chifukwa china chomwe sichitchulidwa kawirikawiri. M'zaka zomwe mabwalo ankadzaza, m'ndime zotsiriza munkafika matimu okhala ndi ochemerera ambiri pafupi ndi bwalo, monga Johns Hopkins ya mu Baltimore momwemo, Navy ya ku Annapolis, ndi Syracuse yomwe anthu ake amaitsatira kulikonse. Pomwe matimu akutali adayamba kufika, khamu lidachepa. Mu 2015 muja Maryland inkasewera ndi Denver, sukulu yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 2,500 kuchokera ku Philadelphia. Mpikisano womwe khamu lake limadalira kuti wafika mufainolo ndani uli ngati munda wodalira mvula yokha.

Omwe amasenza mtolo weniweni wa kuyendayendaku ndi makolo. Lacrosse si masewero olemeretsa ophunzira ambiri. Kwa zaka zambiri, mpaka malamulo atasintha mu 2025, timu ya anyamata ya Division I inkaloledwa thandizo la fizi lokwanira ophunzira osakwana 13, loti agawane osewera oposa 40, ndipo sukulu monga Cornell, Yale ndi Princeton sizipereka n'komwe thandizo la fizi chifukwa cha masewero. Ndiye kuti bambo ndi mayi ndiwo alipira njira yonse, kuyambira ndodo yoyamba mwana ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Timu imadziwa kuti yafika m'ndime ya matimu anayi kutangotsala sabata imodzi. M'masiku ochepawo banja liyenera kupeza tikiti ya ndege kapena mafuta a galimoto, chipinda chogona masiku atatu pa nthawi ya tchuthi pomwe mahotela akweza mitengo, ndi matikiti a agogo ndi abale ena. Zikakhala kuti chaka chino n'kuno, chaka chamawa n'kwina, palibe banja lingadziwe hotela yotsika mtengo, njira yachidule kapena mnansi woti likafikireko. Chaka chilichonse amayambanso ulendo wachilendo.

Wina atha kunena kuti mankhwala ake ndi osavuta, kungopeza bwalo laling'ono basi. Izi adaziyesa kale. Mu 2021 ndi 2022 mpikisanowu udachitikira pa Rentschler Field ku East Hartford, m'chigawo cha Connecticut, bwalo lolowa anthu pafupifupi 40,000. Chaka cha 2021 sichingawerengedwe kaamba ka mliri wa Covid-19, womwe udalepheretsanso mpikisano wonse wa 2020. Koma mu 2022, zipata zitatseguka, fainolo ya Maryland ndi Cornell idangokoka anthu oposa pang'ono 22,000. Bwalolo adalimanga pomwe kale padali bwalo la ndege la kampani, patali ndi malo odyera ndi ogona ambiri, ndipo Hartford si mzinda womwe banja lingasankhe kukathera tchuthi. Kukula kwa bwalo kudali koyenera, koma malo ake ayi. Pamafunika zonse ziwiri.

Mapu a lacrosse ndi osavuta kuwerenga. Mtima wa masewerowa uli m'kachigawo kakang'ono ka kugombe la kummawa, kuchokera ku Maryland ndi Virginia, kudutsa Philadelphia ndi New Jersey, kukafika ku Long Island, kumpoto kwa New York ndi New England. Philadelphia ili pakatikati penipeni, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Baltimore ndiponso mtunda ngati womwewo kuchokera ku New York. Bwalo lake la Lincoln Financial Field lili mumzinda momwemo ndipo sitima yapansi panthaka imafika pafupi. Banja la ku Long Island kapena ku Baltimore litha kunyamuka mmamawa, kuonerera masewero n'kukagona kwawo. Gillette Stadium ndi bwalo lokongola ndipo eni ake aonetsa kuti amaikonda lacrosse, koma lili kumapeto kwa kachigawoka, makilomita oposa 30 kunja kwa Boston, pamsewu womwe umadziwika ndi kuthithikana kwa galimoto pakakhala masewero.

Chodabwitsa n'chakuti Baltimore, mzinda womwe uli ndi Johns Hopkins, Loyola ndi Towson, pomwe Maryland ndi Navy zili chapafupi ndipo likulu la bungwe la USA Lacrosse lili kumpoto kwake ku Sparks, udalandira komaliza ndime zotsirizazi mu 2014. Nawo chaka chimenecho udangokoka anthu oposa pang'ono 25,000, choncho nawo sungadzitame kuti uli ndi mankhwala.

Phunziro lenileni lili m'nyumba ya NCAA momwemo, m'masewero ena. Ndime zotsiriza za baseball ya m'makoleji, zomwe amazitcha College World Series, zakhala zikuchitikira mumzinda umodzi wa Omaha, m'chigawo cha Nebraska, kuyambira mu 1950. Omaha si mzinda waukulu, ndipo sukulu zamphamvu pa baseball zili kutali kummwera ndi kumadzulo. Komabe anthu amapitako chaka ndi chaka ngakhale timu yawo isadafike, chifukwa ulendowo udasanduka mwambo wa banja. Osewera akamayamba chaka amangoti cholinga chawo n'kukafika ku Omaha, aliyense n'kumva. Pomwe bwalo lakale lidakalamba, NCAA idasainirana ndi mzindawo mgwirizano wa zaka 25, ndipo mzindawo udamanga bwalo latsopano la anthu pafupifupi 24,000 lomwe lidatsegulidwa mu 2011. Softball ya atsikana nayo idakhazikika ku Oklahoma City kuyambira mu 1990, kupatula chaka chimodzi chokha, ndipo bwalo lake lakhala likukulitsidwa chifukwa anthu akuchuluka.

Kusiyana kwake kuli poyera. Wodzagona usiku umodzi amamuyalira mphasa pabalaza, koma wolonjeza kukhala zaka 25 amamumangira nyumba. Baseball idapeza bwalo lomangidwa molingana ndi msinkhu wake chifukwa idalonjeza kukhala. Lacrosse yatha zaka zoposa 20 ikusinthasintha pakati pa Baltimore, Philadelphia, Foxborough ndi East Hartford, ndipo palibe mzinda mwa inayi womwe ungautche mpikisanowu wakewake. NCAA ikadapereka zaka 10 kapena 15 kwa mzinda umodzi, monga Philadelphia, ikadakhala ndi mphamvu pokambirana. Ikadatha kunena kuti nsanja zam'mwamba zitsekedwe kuti anthu akhale mothithikana pafupi ndi osewera, kuti pakhale matikiti otsika mtengo a ana asukulu, kuti mahotela asungire zipinda mabanja a osewera pamtengo wogwirizana, komanso kuti masiku a Memorial Day asadzaperekedwe kwa wina aliyense. Ndipo ngati palibe bwalo la NFL lovomera zimenezi, m'deralo muli mabwalo a sukulu apakatikati, monga la Navy ku Annapolis lolowa anthu pafupifupi 34,000, lomwe lakhala likulandira makotafainolo ndipo lili pafupi ndi Baltimore komanso Washington.

Mbali ya atsikana ndiyo ikusonyeza bwino kuti kusankha malo si nkhani yaing'ono. Mpikisano wawo wa NCAA udayamba mu 1982, ndipo kwa zaka zambiri unkachitikira paokha m'mabwalo ang'onoang'ono, m'masiku omwewo omwe maso onse ali kwa anyamata. Wokonda lacrosse ankayenera kusankha kopita, ndipo ambiri ankasankha kwa anyamata. Mu 2017 zinthu zidasintha mwangozi. Mpikisano wa atsikana udayenera kuchitikira ku Cary, m'chigawo cha North Carolina, koma mu 2016 chigawocho chidakhazikitsa lamulo lotchedwa HB2, lokhudza kagwiritsidwe ntchito ka zimbudzi za m'nyumba za boma, lomwe NCAA idaona kuti limasala ena mwa osewera ndi oonerera. Bungweli lidachotsa mipikisano isanu ndi iwiri m'chigawocho, ndipo wa lacrosse ya atsikana adaupititsa ku Gillette Stadium komwe kudali kale anyamata. Anthu oposa 11,000 adaonerera Maryland ikugonjetsa Boston College, chiwerengero chomwe fainolo ya atsikana idali isadachionepo.

Ngakhale izi zidali chomwechi, chaka chotsatira atsikana adawabwezera kwaokha. Mu 2022 adaseweera pa Homewood Field ya Johns Hopkins, bwalo la mbiri koma lolowa anthu pafupifupi 8,500 okha. Mu 2023 ndi 2024 adapita ku Cary kuja, lamulo lija litasinthidwa. Pomwe adawalumikizanso ndi anyamata ku Foxborough mu 2025, anthu oposa 14,000 adaonerera North Carolina ikuposa Northwestern 12-8, n'kuphwanya mbiri ya 2017. Kawiri konse komwe atsikana adapatsidwa bwalo limodzi ndi anyamata, khamu lidakula. Alipo aphunzitsi ena omwe amaopa kuti atsikana akakhala pamodzi ndi anyamata amasanduka ndiwo zapambali, ndipo mantha awo ndi omveka, makamaka pokumbukira manyazi omwe NCAA idachita mu 2021 pomwe zidaululika kuti pa mpikisano wa basketball atsikana adapatsidwa zipangizo zolimbitsira thupi zochepa kwambiri poyerekeza ndi za anyamata. Koma yankho la mantha amenewo n'kulemba mumgwirizano kuti nthawi zoseweera, zipinda zovalira ndi malonda olengeza zikhale zofanana. Kubisa atsikana pabwalo laling'ono kutali si ulemu.

Mtsutso wamphamvu kwambiri wokana mzinda wokhazikika umachokera kumadzulo. Chiyambire 1971, ndime zotsiriza za anyamata a Division I sizidachitikepo kunja kwa zigawo za kugombe la kummawa, pomwe masewerowa afalikira ku Colorado, California, Texas, Ohio ndi kwina. Denver, motsogozedwa ndi mphunzitsi Bill Tierney yemwe adali atatenga kale zikho zisanu ndi chimodzi ndi Princeton, idatenga chikho mu 2015 n'kukhala sukulu yoyamba ya kumadzulo kutero. Notre Dame ya ku Indiana idachitenga mu 2023 ndi 2024. Anthu a kumeneko akufunsa kuti mwana wa ku Denver adzaonerera liti fainolo popanda kukwera ndege, ndipo funsoli ndi lachilungamo.

Komabe kusamutsira fainolo ku Colorado chaka chimodzi sikungathetse dandaulo lawo. Kungangopangitsa kuti matimu atatu mwa anayi, pamodzi ndi makoleji ang'onoang'ono a Division II ndi III omwe ambiri ali kummawa, akwere ndege ndi mabanja awo onse, kenaka chaka chotsatira zonse zibwerere mwakale. Chida choyenera kufalitsira masewerowa ndi makotafainolo. NCAA idachitapo kale izi pomwe idawapititsa ku Indianapolis mu 2013 ndi ku Denver mu 2015. Ikadakhazikitsa lamulo loti chaka chilichonse limodzi mwa mabwalo awiri a makotafainolo likhale kutali ndi gombe la kummawa, ana a kumadzulo akadaona masewero apamwamba pafupipafupi kuposa momwe fainolo yoyendayenda ingawapatsire. Ndipo mabanja a ku Denver omwe afika mufainolo akadapindula ndi mzinda wodziwika, wokhala ndi ndege zambiri zolunjika, kusiyana ndi tauni ngati Charlottesville yomwe ili ndi anthu osafika 50,000 ndi kabwalo kakang'ono ka ndege.

Kusamuka kwa 2026 kudadzutsanso nkhani ina yomwe mabwalo a NFL adaigoneka, ya timu kuseweera fainolo pakhomo pake. Scott Stadium ndi bwalo la Virginia, sukulu yomwe idatenga chikho kasanu ndi kawiri pakati pa 1972 ndi 2021. Atsikana nawo adawapititsa pabwalo la Northwestern, yomwe idatenga zikho zisanu ndi zitatu pakati pa 2005 ndi 2023. Palibe akunena kuti padali chinyengo, poti malo adasankhidwa mpikisano usadayambe ndipo ofuna kulandira mlendo wadzidzidzi sakhala ambiri. Mbiri nayo imasonyeza kuti pakhomo si chithumwa. Syracuse idapambana pabwalo lake mu 1988, koma Maryland idagonja pakhomo pake mu 1995, ndipo mu 1997 Princeton idaithambitsa 19-7 pamaso pa anthu ake omwe. Komabe timu yomwe yayenda ulendo wautali kukakumana ndi eni bwalo pa masewero otsiriza a chaka ili ndi chifukwa chodandaulira, ndipo bungwe losamala silidikira kuti dandaulolo lifike.

Mzinda wokhazikika uli ndi zoopsa zake, ndipo n'kulakwa kuzibisa. Eni mahotela akadziwa kuti alendo alibe kolowera atha kukweza mitengo. Akuluakulu a mzinda atha kuyamba ulesi poona kuti palibe wopikisana nawo. Chigawo chitha kukhazikitsa lamulo lomwe NCAA singagwirizane nalo, monga zidachitikira ku North Carolina. Zonsezi zimafuna mgwirizano wolembedwa mosamala, wokhala ndi khomo lotulukira ngati mwinimudzi waphwanya lonjezo. Omaha yakhala ndi mlendo wake zaka zoposa 70 chifukwa mbali zonse ziwiri zimadziwa zomwe zingataye.

M'chaka cha 2024 NCAA idalengeza kuti mpikisano wa anyamata wa 2027 udzachitikira ku Philadelphia, ndipo wa 2028 udzabwerera ku Foxborough. Zaka ziwirizi zidapita kale ndipo palibe chosintha. Chaka cha 2028 n'chomwenso lacrosse idzaonekere pa masewero a Olympics ku Los Angeles, mumtundu wake wa osewera asanu ndi mmodzi mbali iliyonse, ndipo anthu ambiri padziko adzaiona koyamba. Mpata weniweni uli pa zaka zotsatira 2028. Pamenepo komiti isadzafunse mizinda kuti ndani ali ndi bwalo lalikulu kapena ndani walonjeza ndalama zambiri za chaka chimodzi. Idzafunse kuti ndi mzinda uti uli wokonzeka kusunga anyamata ndi atsikana pamodzi kwa zaka zosachepera 10, ndi mitengo yomwe mphunzitsi wa timu ya ana angakwanitse pobwera ndi basi yodzaza, ndiponso kulemba pansi kuti masiku atatu a kumapeto kwa Meyi ndi a lacrosse ngakhale Fifa itagogodanso pakhomo.